Msonkho wa boma la Indiana: kulemba nokha, pulogalamu ya pa intaneti, VITA kapena katswiri wolipidwa?

Munthu amene anagwirapo ntchito yolembedwa ku Malawi anazolowera kuti nkhani ya msonkho imathera pa kapepala ka malipiro, chifukwa bwana amadula PAYE n'kukapereka ku MRA, ndipo wantchito wamba sakhalanso ndi fomu yoti alembe chaka chikatha. Ku America bwana amadulanso msonkho pa malipiro alionse, koma ndalama yodulidwayo imakhala yongoyerekeza, ndipo pofika pa 15 Epulo pafupifupi wantchito aliyense amayenera kuwerengetsa yekha kuti zidziwike ngati anam'dula yochuluka kapena yochepa. Kuwerengetsaku kumachitika kawiri. Koyamba n'kwa boma lalikulu la dziko lonse kudzera ku IRS, nthambi yake yotolera msonkho, ndipo kachiwiri n'kwa boma la chigawo chimene munthuyo amakhala. Zigawo zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo Texas, Florida, Tennessee ndi Washington, sizidula msonkho pa malipiro a ntchito, koma Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri makamaka mumzinda wa South Bend ndi madera ozungulira, amadula, ndipo pamwamba pake pamabweranso msonkho wa kaunti, lomwe ndi dera laling'ono la m'kati mwa chigawo.

Tisanayerekeze njira zotumizira fomu, ndi bwino kuona kaye kuti masamu ake ndi ochepa bwanji, chifukwa munthu amene wawerengera yekha papepala amakhala ndi muyezo woyezera njira ina iliyonse.

Fomu ya munthu amene wakhala ku Indiana chaka chonse imatchedwa IT-40, ndipo nambala yake yoyamba imachokera pa fomu ya boma lalikulu ya 1040, pa mzere wa ndalama zimene amazitcha AGI, kutanthauza zonse zimene munthu wapeza pachaka atachotsapo zina zololedwa ndi lamulo. N'chifukwa chake fomu ya IRS imayenera kumalizidwa kaye. Pa AGI imeneyo munthu amachotsa $1,000 ya iye mwini, $1,000 ina ya mkazi kapena mwamuna wake ngati akulembera pamodzi, ndi $1,000 ya aliyense amene amam'samalira mogwirizana ndi lamulo, ndipo mwana woyenerera amawonjezerapo $1,500 ina. Wokhala m'nyumba ya lendi amaloledwa kuchotsa lendi ya chakacho mpaka $3,000, pomwe mwini nyumba amachotsa msonkho wa nyumba yake mpaka $2,500. Zotsalazo amazichulukitsa ndi mlingo umodzi wokha, umene susintha kaya munthu amalandira zambiri kapena zochepa. Mlingowo unali 3.23 peresenti mpaka mu 2022, unatsika kufika 3.15 mu 2023, 3.05 mu 2024 ndi 3 peresenti mu 2025, ndipo lamulo linakonza kuti ukhale 2.95 mu 2026 ndi 2.9 mu 2027. Makaunti onse 92 a ku Indiana ali ndi mlingo wawo wowonjezera, umene ku St. Joseph County, komwe kuli South Bend, wakhala uli 1.75 peresenti, pomwe ku Marion County, komwe kuli Indianapolis, ndi 2.02 peresenti. Milingo ya makaunti imatha kusintha, choncho munthu ayenera kuiona pa ndandanda imene imabwera ndi pepala la CT-40 la chaka chimene akulemberacho.

Tiyerekeze mayi wina wosakwatiwa amene amasamalira okalamba ku South Bend, amene mu 2025 analandira $40,000 ndipo amakhala m'nyumba ya lendi. Akachotsa $1,000 ndi $3,000, patsala $36,000. Msonkho wa Indiana ndi $1,080, wa kaunti ndi $630, ndipo zonse pamodzi ndi $1,710. Tsopano mayiyu atenge pepala la W-2, losonyeza malipiro a chaka chonse ndi misonkho yodulidwa, limene bwana amayenera kupereka pofika pa 31 Januwale, ayang'ane m'munsi mwake momwe muli timabokosi tating'onoting'ono timene anthu ambiri satiwerenga n'komwe. Bokosi 17 limasonyeza msonkho wa chigawo umene unadulidwa, bokosi 19 limasonyeza wa kaunti, ndipo bokosi 20 limatchula kauntiyo. Ngati bwana anadula bwinobwino, mu bokosi 17 mukhala $1,170 ndipo mu bokosi 19 mukhala pafupifupi $682, kutanthauza kuti boma lim'bwezera mayiyu pafupifupi $142. Ndalama imeneyi yangochokera ku lendi basi, popeza $3,000 kuchulukitsa ndi 4.75 peresenti ndi $142.50. Koma ngati bokosi 19 lili lopanda kanthu, monga zimachitikira munthu akalemba mosasamala fomu ya WH-4, youza bwana mmene azidulira msonkho wa Indiana ndi wa kaunti, tsiku loyamba ntchito, mayi yemweyu sabwezeredwa kalikonse, m'malo mwake ali ndi ngongole ya $540.

Nambala ya $142 ija tiisunge, chifukwa ndi imene itithandize kuona ngati mtengo wa njira iliyonse uli woyenera.

Njira yakale kwambiri ndiyo kutenga mafomu pa webusaiti ya nthambi yotolera msonkho ya Indiana, imene imatchedwa Department of Revenue, kuwadzaza ndi cholembera n'kuwatumiza pa positi. Ubwino wake ndi woti munthu salipira kanthu kupatula sitampa, ndipo amaphunzira mmene mzere uliwonse ukugwirira ntchito. Komabe IT-40 sipita yokha. Imaperekezedwa ndi pepala la anthu amene mukuwawerengera, la CT-40 la kaunti, la mafunso owonjezera, ndiponso la lendi ngati mukuchotsa lendi, komwe mumayenera kulemba dzina ndi adiresi ya mwini nyumba. Keyala yotumizira fomu yokhala ndi cheke ndi yosiyana ndi ya fomu yoyembekezera kubwezeredwa ndalama. Nthambiyo imanena kuti fomu ya papepala ingatenge mpaka masabata 12 kuti ikonzedwe, pomwe yotumizidwa pa intaneti imatenga mpaka masabata atatu. Ine ndimaona kuti pepala ndi labwino pophunzirira ndi poyezera, osati potumizira. Dzazani fomuyo ndi pensulo, muisunge pambali, kenako muone ngati kompyuta ikupereka nambala yofanana.

Mapulogalamu a pa intaneti ali m'magulu awiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama mosadziwa. Gulu loyamba ndi la pulogalamu yaulere ya IRS Free File, momwe makampani ena anagwirizana ndi boma kuti anthu olandira ndalama zosapitirira malire ena azilemba osalipira. Pa msonkho wa chaka cha 2024 malirewo anali AGI ya $84,000. Indiana ali ndi khomo lake lolowera m'pulogalamu imeneyi, lotchedwa INfreefile, limene limasonyeza makampani amene amalola kulemba fomu ya boma lalikulu ndi ya Indiana kwaulere. Chofunika kuchigwira ndi chakuti muyenera kulowera pa khomo la bomalo. Mukangolemba dzina la kampaniyo pa Google n'kulowa mwachindunji, mungapezeke muli pa pulogalamu yolipira ya kampani yomweyo, ndipo mtengo mudzauona kumapeto, mutalemba kale zonse. Kampani iliyonse ilinso ndi malamulo ake okhudza zaka za munthu ndi kuchuluka kwa ndalama zake, choncho si onse amene angakulandireni.

Gulu lachiwiri ndi la mapulogalamu ogulitsa, monga TurboTax, H&R Block ndi TaxAct, amene ali ndi gawo laulere la anthu a msonkho wosavuta kwambiri komanso magawo olipira, ndipo m'magawo olipirawo fomu ya chigawo imakhala ndi mtengo wakewake pamwamba pa ya boma lalikulu. FreeTaxUSA salipiritsa fomu ya boma lalikulu, koma amalipiritsa ndalama yochepa pa fomu iliyonse ya chigawo. Cash App Taxes salipiritsa zonse ziwiri, koma sathandiza munthu amene akufunika kulemba mafomu a zigawo ziwiri kapena amene wakhala m'chigawo kwa gawo chabe la chaka. Mapulogalamu onsewa amachita masamu molondola ndipo amasamutsa okha AGI kuchokera pa 1040 kupita pa IT-40. Chimene sangachite ndicho kudziwa ngati mwayankha funso molakwa. Akakufunsani kaunti imene munkakhala pa 1 Januwale inu n'kutchula imene mukukhala lero, pulogalamuyo iwerengera mwaluso msonkho wolakwika. Makampani ena amaperekanso mwayi woti mtengo wa pulogalamu udulidwe pa ndalama yobwezedwa, ndipo mwayi umenewu umakhala ndi chindapusa chake chapadera, chimene pa ndalama ya $142 n'chachikulu ndithu.

Funso la 1 Januwale likufunika kulifotokoza bwino, popeza ndi limene limasiyanitsa fomu yosavutadi ndi yongooneka ngati yosavuta. Msonkho wa kaunti wa chaka chonse umatsatira kumene munthu ankakhala pa tsiku loyamba la chakacho. Amene anasamuka ku South Bend kupita ku Indianapolis mu Marichi amalipirabe mlingo wa St. Joseph County mpaka chaka chithe. Amene anafika kuchokera ku Lilongwe mu Juni, ndipo pa 1 Januwale sankakhala kapena kugwira ntchito ku Indiana, alibe msonkho wa kaunti wa chaka chimenecho, ndipo ngati bwana anam'dula ayenera kubwezeredwa. Fomu yake si IT-40 koma IT-40PNR, ya anthu amene akhala m'chigawocho kwa gawo la chaka. Palinso nkhani ya malire. South Bend ali pafupi kwambiri ndi Michigan, moti anthu ena amagona ku Indiana n'kumagwira ntchito ku Niles kapena ku Berrien Springs. Indiana ali ndi mgwirizano ndi Michigan, Ohio, Kentucky, Wisconsin ndi Pennsylvania wakuti malipiro a ntchito azidulidwa msonkho ndi chigawo chimene munthu amakhala. Ngati bwana wa ku Michigan anadula msonkho wa kwawoko, Indiana amafunabe ndalama yake yonse, ndipo munthuyo amayenera kulemba fomu ina ku Michigan kuti akatenge imene inadulidwa molakwikayo. Illinois palibe mu mgwirizanowu, choncho wogwira ntchito ku Chicago amalemba mafomu awiri, n'kupempha Indiana kuti awerengere msonkho umene walipira kale ku Illinois.

Kwa munthu amene ali ndi nkhani ngati zimenezi, kapena amene akulemba msonkho wa ku America koyamba, njira imene ndimaiona yabwino koposa ndi VITA. Imeneyi ndi pulogalamu ya IRS momwe anthu ongodzipereka, amene anaphunzitsidwa ndi kulemba mayeso, amathandiza kwaulere anthu olandira ndalama zochepa kapena zapakatikati. M'nyengo yolemba ya 2025 malire ake anali pafupifupi $67,000. Amapezeka m'malaibulale, m'masukulu aukachenjede, m'matchalitchi ndi m'mabungwe othandiza anthu, kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka mu Epulo. AARP Foundation Tax-Aide imachita ntchito yofananayo, makamaka kwa achikulire. Mukafika amakupatsani fomu ya mafunso ya 13614-C, amaona chiphaso chanu chokhala ndi chithunzi ndi makhadi a Social Security kapena makalata a ITIN (nambala ya msonkho ya munthu amene alibe nambala ya Social Security) a aliyense amene akulembedwa, ndipo fomu ikatha munthu wachiwiri amaiwerenganso isanatumizidwe. Kuwerenganso kumeneku ndi kumene kulibe pa pulogalamu ya pakompyuta. Mumathanso kufunsa funso pamaso ndi pamaso, ndipo paja safunsa anadya phula. Zovuta zake n'zakuti malo amadzaza msanga, mwamuna ndi mkazi olembera pamodzi amayenera kupezeka onse kuti asainire, ndipo VITA salandira nkhani zonse: bizinesi yokhala ndi antchito kapena yoluza amaibweza.

Ophunzira amene ali pa viza ya F-1 nkhani yawo ndi ina. Kwa zaka zisanu zoyambirira ambiri a iwo amaonedwa ngati osakhazikika pa nkhani ya msonkho, moti amalemba 1040-NR, fomu ya boma lalikulu ya anthu osakhazikika, pamodzi ndi fomu ya 8843, ndipo mapulogalamu ambiri odziwika aja sakonza 1040-NR. Wophunzira akalemba 1040 wamba chifukwa choti mnzake wa m'chipinda anatero, angalandire ndalama imene sanayenere kulandira n'kudzafunika kuibweza. Masukulu ambiri amapereka mwayi wogwiritsa ntchito Sprintax, pulogalamu ya pa intaneti yokonza 1040-NR, kapena amakhala ndi malo a VITA ophunzitsidwa za ophunzira akunja, ndipo ofesi ya ophunzira akunja ndiyo malo oyamba kufunsa. Tinene m'pang'ono pomwe kuti lendi ya nyumba ya yunivesite kawirikawiri siichotsedwa pa fomu ya Indiana, chifukwa lamulo limafuna nyumba imene imalipiridwa msonkho wa malo.

Katswiri wolipidwa, kaya ndi CPA (akauntanti wachilolezo), Enrolled Agent (katswiri wa msonkho wovomerezedwa ndi IRS) kapena wa m'maofesi amene amatsegula nthawi ya msonkho, ndi woyenera kwa munthu amene ali ndi bizinesi, nyumba yochititsa lendi, zaka zingapo zimene sanalembe, kapena kalata yochokera ku boma imene sakuimvetsa. Kwa mayi wathu wa W-2 imodzi uja, mtengo wa katswiri ungathe kumeza $142 yonse n'kupitirira, pamene nambala yomaliza ikhala yomweyo, popeza 3 peresenti ndi 3 peresenti kaya wachulukitsa ndani. Aliyense wolandira malipiro polembera anthu msonkho amayenera kukhala ndi nambala yom'zindikiritsa ya ku IRS, yotchedwa PTIN, ndipo amayenera kusaina fomuyo. M'madera mwathu simusowa munthu amene amatchuka kuti "amatulutsa ndalama zambiri", amene amalembera anthu pa tebulo la kunyumba kwake, kulandira ndalama pamanja, n'kusiya fomu ikuoneka ngati mwini wake anailemba yekha. Njira yake yokulitsira ndalama kawirikawiri imakhala kuwonjezera ana. Pano m'pofunika kunena mosabisa, ngakhale kuti n'zowawa: ndalama zimene timatumiza kumudzi za fizi, feteleza kapena chipatala sizichotsedwa pa msonkho, ndipo mwana amene ali ku Malawi, yemwe si nzika ya America, sangalembedwe ngati womusamalira, chifukwa lamulo limafuna nzika ya America, munthu wokhala m'dzikomo, kapena wokhala ku Canada kaya ku Mexico. Pa fomu ya Indiana mwana mmodzi amangochepetsa msonkho ndi pafupifupi $119 pa mlingo wa South Bend, koma bodza lomwelo limakhala lalowanso pa fomu ya boma lalikulu komwe ndalama zake n'zambiri. Boma likafunsa, woyankha ndi amene dzina lake lili pa fomu, ndipo mlandu suola, makamaka kwa munthu amene m'tsogolo adzapempha unzika n'kufunsidwa za misonkho yake.

Kuyerekeza msonkho pasadakhale kumakhudza kwambiri anthu amene palibe amawadula: oyendetsa Uber ndi DoorDash, oluka tsitsi, osamalira odwala amene amalandira pepala la 1099, la anthu odzilemba okha ntchito, m'malo mwa W-2, ndiponso aja ogwira ntchito ku Michigan amene bwana wawo sadula msonkho wa Indiana. Lamulo la Indiana n'lakuti ngati msonkho wa chigawo ndi wa kaunti umene sunadulidwe ufika $1,000 kapena kuposerapo, munthu azilipira kanayi pachaka, pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale wa chaka chotsatira, pogwiritsa ntchito fomu ya ES-40 kapena INTIME, webusaiti ya nthambi ya msonkho ya Indiana. Masiku amenewa satalikirana mofanana, ndipo la Juni limafika patangopita miyezi iwiri kuchokera pa loyamba. Dalaivala wa ku South Bend amene AGI yake ndi $28,000, akachotsa $4,000 ya iye mwini ndi lendi, amatsala ndi $24,000, ndipo pa 4.75 peresenti msonkho wake ndi $1,140, kapena kuti $285 ulendo uliwonse. Iyi ndi ya Indiana yokha; ya boma lalikulu, yomwe ikuphatikiza msonkho wa Social Security ndi Medicare wa anthu odzilemba okha ntchito, ndi yaikulu kuposa pamenepa ndipo imalipidwa padera.

Pali njira zitatu zopezera ndalama yoti muzilipira. Yoyamba ndiyo kutenga msonkho wonse wa chaka chatha n'kuugawa panayi. Amene walipira 100 peresenti ya msonkho wa chaka chatha salipiritsidwa chilango ngakhale atapeza ndalama zambiri chaka chino, kupatula olemera amene amafunika kulipira 110 peresenti. Imeneyi ndi yosavuta ndipo ndi yotetezeka, koma imapweteka munthu amene ntchito yake yatsika. Yachiwiri ndiyo kuyerekeza ndalama za chaka chomwecho n'kuonetsetsa kuti mwalipira 90 peresenti ya msonkho wake, zimene zimafuna kusunga bwino mabuku, ndipo mukaphonya pali chilango cha 10 peresenti pa ndalama yoperewerayo, chimene chimawerengedwa pa fomu ya IT-2210. Yachitatu, imene anthu ambiri saidziwa, ndi ya munthu amene ali ndi ntchito yolembedwa komanso ganyu wapambali: angalembenso WH-4 kuntchito kwake n'kupempha kuti azim'dula ndalama yowonjezera pa malipiro alionse, ya chigawo ndi ya kaunti. Kwa wolandira masabata awiri alionse, $20 yowonjezera imakwana $520 pachaka popanda kukumbukira tsiku lina lililonse. Kwa munthu amene ndalama siimugonera m'thumba chifukwa cha mafoni a kumudzi, njira yachitatuyi ndi imene imagwiradi ntchito.

Ngati Epulo wafika mapepala asanakwane, munthu angapemphe nthawi yowonjezera. Amene wapempha ku IRS ndi fomu ya 4868 amakhala wapatsidwanso nthawi ku Indiana mpaka pakati pa Novembala, ndipo amene akufuna ya Indiana yokha amagwiritsa ntchito IT-9. Nthawi yowonjezerayo ndi yotumizira fomu chabe, osati yolipirira. Kuti munthu apewe chilango ayenera kukhala atalipira 90 peresenti ya msonkho wake pofika pa 15 Epulo, apo ayi pamabwera chilango cha 10 peresenti ya ndalama yotsalayo kuwonjezera pa chiwongoladzanja. Mayi uja wa ngongole ya $540, ngati alibe ndalama yonse, ndi bwino atumize fomu yake pa nthawi yake, alipire imene angathe, yotsalayo apemphe kulipira pang'onopang'ono kudzera pa INTIME, ndipo sabata yomweyo akalembenso WH-4 kuntchito kuti bokosi 19 la chaka chamawa lisadzakhalenso lopanda kanthu.